Kreef wa M'paketi pa Mbale ya Ababa

1

Dzina langa ndine Miena Talmakkies. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, sindinakwatiwepo, ndipo musathamangire kundimvera chisoni. Yambani mwamva kaye. Nkhaniyi ndayenda nayo m'mimba zaka ziwiri, tsopano yayamba kundiwolera momwemo.

Kwathu ndi kamudzi ka asodzi kumpoto kwa Cape Town, kumene mphepo imakuvula duku usanafike n'komwe pageti. Amuna akwathu moyo wawo wonse ndi kreef, nkhanu zikuluzikulu zija za m'nyanja ya mchere, zamchira wonona. Bambo anga, amene mudzi wonse unkawatchula Oom Sarel, anagwira kreef zaka makumi anayi mpaka matenda a shuga anawalanda maso. Kenaka impso nazo zinayamba kutopa. Tsiku lina adokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti nkhalambayo ikadzafika nyengo yozizira, udzakhala mwayi chabe.

Wowasamala ndinali ine, zaka zisanu ndi zinayi zathunthu. Kuwasambitsa ine, kuwabaya jakisoni ine, kuwachotsera minga m'nsomba ine, kukataya ndowa m'mawa ine ndemwe. Zikomo? Kuchokera pakamwa pa Oom Sarel? Iwalani. Madzi osamba akatentha pang'ono ndinali chitsiru, akazizira ndinali mfiti yofuna kuwapha.

Ndili ndi mlongo mmodzi, Elroy, wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ameneyo ndiye anali diso la Ababa. Koma zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo anatenga boti lawo ataledzera, boti limene Ababa analitcha dzina la malemu amayi athu, n'kukaliswa pamiyala. Choipitsitsa, ananama kuti laba ndi anthu achilendo. Bodza lija silinagone masiku atatu. Ababa anamuyalutsa padoko anthu onse akuona, anati iwo alibe mwana wamwamuna, ndipo Elroy anathawira ku Walvis Bay kukagwira ntchito m'sitima za nsomba.

Dzina lake linali loletsedwa m'nyumba mwathu. Komabe geti likangolira, Ababa ankatukula mutu n'kutchera khutu. Akazindikira kuti ndi mapazi anga, mutu uja unkagwanso. Ndinaziona zimenezo tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo zinkandiwawa.

2

Elroy anabwera mu Novembala, nyengo ya kreef itangotsegulidwa. Amene anamuimbira foni ndi Antie Koeba, azakhali athu, mlongo wawo wa Ababa, mayi woti nkhani ikamulowa m'khutu lamanzere imatulukira pakamwa isanafike kumanja. Anamuuza kuti ngati akufuna kuwapeza bambo ake akupuma, abwere lero osati mawa. Anafikira kwa iwo komweko, nyumba yachinayi kuchokera kwathu.

Ndinapita kukamuona. Ndinkayembekeza mnyamata wodzionetsera uja wa kale, wopesa tsitsi ndi mafuta onunkhira. Ndinapeza bambo wowonda, wa imvi m'ndevu, zala ziwiri za dzanja lamanzere zitaduka. Anaimirira nditalowa, chipewa chili m'manja. Anati mowa anasiya zaka zisanu zapitazo, ndipo sanabwerere nyumba kapena china chilichonse.

"Ndikungofuna andigwire pamutu kamodzi, achemwali," anatero. "Basi. Akatero ndibwerera."

Ndinamufunsa ngati anali atangokumbukira kumene kuti ali ndi bambo. Antie Koeba ndiwo anandidzudzula, amvekere chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ndisiye kuluma mwana wa mayi anga ngati galu wapadoko.

Kwathu kuno mwamuna sapepesa ndi pakamwa. Mawu ndi mphepo, amatero. Ukalakwira munthu kwambiri, umalowa wekha m'madzi ozizira aja, n'kugwira kreef ndi manja ako, kukamupereka wamoyo kukhomo lakukhitchini kwa mayi wa panyumbapo, n'kubwerera osalankhula ndi mwini mlandu. Mayiyo amaphika. Wolakwiridwayo akadya n'kubweza mbale yopanda kanthu, ndiye kuti mlandu watha, bwera udzalowe. Mbale ikabwerera ndi chakudya, usaponde pakhomopo. Agogo athu ankatero, ifenso timatero.

Elroy anati alowa m'madzi Loweruka m'mawa, pamiyala ya kuseri kwa doko pamene Ababa anamuphunzitsira kumira ali mwana. Antie Koeba anaseka, amvekere kreef wa masiku ano ndi wosowa ngati mwamuna wosanama, ndiye apemphere kwambiri.

Nditafika kunyumba ndinawauza Ababa zonse. Iwo anangondifunsa ngati shati lawo loyera lija linali lochapa.

3

Pano ndiyenera kukuuzani za kreef wa m'paketi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Ife ana a asodzi kreef weniweni tinasiya kumudya kalekale. Zilolezo zinachepa, nkhanuzo zinachepa, ndipo zochepa zomwe zagwidwa zimakwera ndege kupita kwa anthu omwe sanaponde n'komwe m'madzi. Ndiye m'sitolo za ku Vredenburg munabwera timapaketi ta m'firiji. Mkati mwake ndi nsomba wamba yopera, yosakaniza ndi ufa, kuiumba ngati mchira wa kreef n'kuipaka utoto wofiira pamwamba. Mayi aliyense m'mudzi mwathu ali nako kapaketi kobisa pansi pa firiji. Paukwati, pa Khirisimasi, patiyi wa kutchalitchi, timaduladula, kuthira mayonezi ndi tomato sosi, kuyala pa letesi, alendo n'kumanyambita zala.

Ine ndinali katswiri wake. Ndinkadziwa kuti sumusiya pamoto nthawi yayitali, angasanduke labala. Ndinkadziwa kumubisa m'msuzi wa mitu ya nsomba, adyo ndi tsabola, moti ngakhale abusa ankapempha mbale yachiwiri. Koma pali lamulo limodzi limene ngakhale mkamwini wobwera dzulo amalidziwa: chinthu chimenechi sumupatsa msodzi wa kreef. Kumupatsa n'chimodzimodzi kumuuza pamaso kuti zaka zake zonse za m'nyanja zinali masewera. Ababa ankachitcha sopo wa alendo.

Loweruka lija, cha m'ma naini koloko m'mawa, ndinamva kugogoda kukhomo lakukhitchini. Anali Elroy, milomo ili bii ndi kuzizira, tsitsi likudontha, ali ndi thumba lachiguduli lonyowa. Anandipatsa ndi manja awiri. Mano ake ankagundana moti mawu ankatuluka moduladula.

"Muwaphikire mmene amakondera muja, achemwali. Batala, adyo ndi ndimu. Musathire zambiri."

Ndinamuuza kuti asandiphunzitse khitchini yanga. Anamwetulira, n'kutembenuka, kupita osayang'ana kuzenera la Ababa monga mwambo umanenera. Ine ndinalowa ndi thumba lija n'kutseka chitseko.

4

Ababa anali atadzuka mbandakucha. Anandiuza kuti ndiwamete ndevu, ndipo kwa nthawi yoyamba sanadandaule kuti lumo likuwawa. Anavala shati loyera lija, kumanga mabatani mpaka pakhosi, n'kukhala patebulo ola lathunthu chakudya chisanapse. Anandifunsa kawiri ngati mnyamatayo wanenepa kapena wawonda. Anamutchula choncho, mnyamatayo, munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi.

Antie Koeba anabwera kudzakhala mboni, poti iwo ndi amene ankayenera kunyamula mbale kubwerera nayo. Ndinabweretsa chakudya chitadulidwa kale tizidutswa, chopanda zigoba, monga ndinkachitira ndi chakudya chawo chonse chichitikireni khungu lija. Fungo la batala ndi adyo linadzaza nyumba. Ababa anapemphera pemphero lalitali, kenaka anapapasa foloko.

Anatafuna kamodzi. Kawiri. Anasiya.

Analavulira m'dzanja, kufinya ndi zala, kununkhiza. Kenaka anakankhira mbale ija kumene kunali Antie Koeba n'kuwauza kuti alawe. Azakhali analawa, nkhope yawo n'kugwa. Anayesa kunena kuti mwina ndi mtundu wina, mwina madzi a chaka chino, koma Ababa anamenya tebulo.

"Koeba, usandipusitse nawenso. Maso ndiwo anafa. Lilime lili moyo." Anapuma movutikira. "Mwana wanga waona kuti bambo ake ndi akhungu, ndiye wati awadyetse sopo wa alendo."

Anatembenukira kumene ndinaima n'kundifunsa zimene ndinapeza m'thumba. Ndinapita kukhitchini, ndinabwera ndi kapaketi kopanda kanthu, n'kukaika m'manja mwawo. Anakapapasa mbali zonse, pulasitiki ikuchita phokoso. Ndinawauza kuti ndinachita mantha kunena, ndinaganiza kuti mwina sazindikira.

Sanakalipe ayi, ndipo bola akanakalipa. Anamasula batani lapakhosi, n'kunena motsitsa kuti Koeba atenge mbaleyo mmene ilili akamupatse mwini wake. Kenaka anandipempha kuti ndiwagwire dzanja ndikawagoneke. Masana amenewo ndinawamva akulira kuchipinda, bambo amene sanagwetse msozi ngakhale pamaliro a mkazi wawo.

5

Dzuwa lisanapendeke, mudzi wonse unali utamva. Anthu anailumikiza okha nkhaniyo: Elroy walowa m'madzi, wapeza miyala yokhayokha, wachita manyazi, wathamangira m'firiji ya munthu wina n'kubisa paketi m'thumba lonyowa. Wabodza ndi wabodza basi, ankatero, munthu woba boti la bambo ake angalephere zimenezi? Padoko anamupatsa dzina loti Paketi. Akamadutsa, amuna osoka maukonde ankafunsana mokweza ngati lero m'nyanja mwagwidwa mapaketi angati.

Elroy anabwera pageti madzulo a tsiku lomwelo, mbale ija ili m'manja. Sanalowe. Anaitana bambo ake ali panja, akulumbira pa manda a amayi kuti kreef anali wamoyo, wamkulu, anamugwira pansi pa mwala womwe uja, ndipo mchira wake unamumenya padzanja. Anatukula dzanjalo kuonetsa mabala, kuiwala kuti akuonetsa munthu wosaona.

Ababa anayankhira pazenera. Anati tsiku la boti lija analumbiranso pa manda omwewo.

Ine ndinali nditaima pakhonde. Elroy anatembenuka n'kundiyang'ana. Anatsegula pakamwa ngati anene kanthu. Anandiyang'ana nthawi yayitali, kenaka anayang'ana zenera lija, n'kutseka pakamwa. Anaika mbale pansi pafupi ndi geti, n'kupita.

Sanabwerere ku Walvis Bay. Tsiku lililonse ankabwera kudzakhala pakhoma la tsidya la msewu, moyang'anana ndi zenera la Ababa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kawiri analowanso m'madzi n'kubwera ndi thumba, koma Ababa anali atalamula kuti chilichonse chochokera kwa iye chisadutse geti. Antie Koeba anayesa kuwanyengerera mpaka anatopa. Novembala anatha, Khirisimasi inadutsa, munthu ali pakhoma pomwepo.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinachitika nditatseka chitseko cha khitchini chija.

M'thumba munali kreef. Wamoyo, wamkulu kuposa aliyense amene ndinamuonapo chiyambire utsikana wanga, ndevu zake zikugwedezeka pasinki. Ndinamuyang'ana, ndikumva Ababa kuchipinda chochezera akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Zaka zisanu ndi zinayi ndikutaya ndowa yawo sanang'ung'udzepo nyimbo chifukwa cha ine. Uyu wangonyowa m'mawa umodzi, nkhalamba yavala shati loyera.

Sindinganame kuti Satana anandilowa, kapena kuti mutu unazungulira. Ndinkadziwa bwinobwino chimene ndikuchita. Ndinamuwiritsa kreef uja. M'nyumba mwathu chikhalire mchira unali wa amuna, ife akazi tinkayamwa timiyendo. Tsiku limenelo ndinauswa mchira wonse n'kuudya ndekha, chiimire, msana nditatsamira chitseko, batala akuyenderera m'zigongono. Unali wokoma, abale, ndisakunamizeni. Zigoba ndinazikulunga m'nyuzipepala n'kuzibisa pansi pa zinyalala. Kenaka ndinatsegula firiji n'kutulutsa kapaketi kanga.

Ndikanafuna, ndikanamubisa m'msuzi wa zigoba zija mwina osadziwika. Sindinafune. Ndinangomugadabuza m'batala mopepuka, dala, kuti lilime la Ababa lisaphonye.

6

Ndinkaganiza kuti ndikhala ndi mtendere. Ndinkati Elroy akwiya, anyamuka, ife tibwerera ku moyo wathu wakale. Koma Ababa anayamba kufota ngati chomera chozulidwa. Anasiya kukalipa. Madzi atenthe, azizire, ankangoti zili bwino mwanawe. Anayamba kundithokoza pa chilichonse, ngakhale kapu ya tiyi. Zikomo amene ndinamudikira zaka zonse zija anabwera, ndipo aliyense ankandibaya ngati munga.

Kangapo ndinaima pakhomo la chipinda chawo mawu ali pakamwa. Ndinkati ndinena mawa. Mawa likafika ndinkaona nkhope yawo ikuwala akamva mapazi anga, chinthu chimene sichinachitikepo, ndiye ndinkati ndinena mkuja.

Mu Malichi anasiya kudya. Lachiwiri lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anandiitana kuti ndikhale pabedi. Anandifunsa ngati mnyamatayo akadali pakhoma paja. Ndinati ali pomwepo. Anapapasa dzanja langa, kenaka anati pali chinthu chikuwasowetsa tulo. Anati Elroy ndi wabodza, inde, koma si chitsiru, ndipo mwana wokulira m'nyumba ino sangaganize kuti Sarel Talmakkies angalephere kusiyanitsa kreef ndi sopo.

"Miena, mwana wanga, ndikufunsa komaliza. M'thumba muja munali chiyani?"

Zenera linali lotsegula. Ndinkamuona Elroy tsidya la msewu, chipewa chili pabondo. Ndikanangotukula dzanja akanabwera akuthamanga. Mapazi makumi atatu okha, ndinawawerengapo.

"Munali paketi, Ababa," ndinatero.

Anapumira m'mwamba, n'kundisisita dzanja. Anati chabwino, ndiye zatha. Anati pa ana awo awiri Mulungu anawasiyira mmodzi amene sanawanamizepo, ndipo akupepesa kuti anachedwa kumuona. Anandiuza kuti nditseke zenera.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, mutu uli pamwendo panga.

7

Pamaliro Elroy sananyamule nawo bokosi. Amuna a padoko anamuuza kuti aime kumbuyo, ndipo anaima kumbuyo. Anthu ankabwera kudzandigwira chanza, amvekere mwana ngati Miena ndi wosowa, wawasunga bambo ake mpaka mapeto.

Anthu atabalalika, Elroy anandipeza kukhitchini ndikutsuka makapu. Aka kanali koyamba kulowa m'nyumba muja pa zaka khumi ndi chimodzi. Chikwama chake chinali kale paphewa. Anayang'ana sinki, anayang'ana firiji, n'kundiyang'ana ine.

"Anali wokoma, achemwali?"

Kapu inandipulumuka. Ndinamufunsa kuti ngati ankadziwa, analekeranji kunena tsiku lomwe lija pageti. Ndinkafuna andimenye, anditukwane, aitane mudzi wonse. Iye anayankha mofatsa ngati akunena za nyengo. Anati anatsala pang'ono kunena. Koma anaganiza kuti Ababa akamukhulupirira, andithamangitsa ine, ndipo iye sadziwa kubaya jakisoni kapena kusambitsa nkhalamba. Akapanda kumukhulupirira, palibe chasintha. Ndiye anangokhala pakhoma paja kudikira kuti mwina ndinena ndekha.

"Miyezi inayi ndinakudikirani," anatero. "Kenaka ndinati bola apite ali ndi mwana mmodzi woti amukhulupirire. Ine ndinazolowera kale."

Anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati Ababa anamutchulapo kumapeto. Apa ndiye ndinanena zoona, mochedwa. Ndinamuuza kuti anafunsa, ndipo ndinamuuzanso chimene ndinayankha. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutuluka. Sanamenyetse chitseko. Nambala yake ya foni inasiya kugwira mwezi womwewo, ndipo makalata awiri amene ndinatumiza ku Walvis Bay anabwerera osatsegula.

Inu owerenga, sindinalembe izi kuti mundikhululukire. Amene akanandikhululukira mmodzi ali m'manda, winayo sindidziwa ali nyanja iti. Antie Koeba ndinawauza chaka chatha, anangondiyang'ana n'kunena kuti ndizisunge ndekha, mudzi usadziwe, poti maliro sabwerezedwa. Ndiye padoko mlongo wanga akadali Paketi, ine kutchalitchi amandiimika kutsogolo ngati chitsanzo cha atsikana.

Ndikudziwa kuti pakati panu alipo ambiri onga ine, amene mukusamala kholo nokha pamene mwana wokondedwa ali kutali. Mwatopa, palibe akukuthokozani, ndipo mtima wayamba kuwira pansipansi. Sindikuuzani kuti musakwiye. Kwiyani ndithu, kalipani, swani mbale, muwauze pamaso kuti zikukuwawani. Ine ndinasankha kukhala mwana wabwino wosayankha, ndipo mkwiyo wanga unakatulukira m'poto. Ndinkafuna kuti bambo anga andikonde ine ndekha, ndipo zinathekadi. Anandikonda miyezi inayi chifukwa cha bodza, n'kufa akudana ndi mwana amene anawauza zoona.